Kodi achimwene anga ali m'kati mwa anthu 2,686 aja?

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse. Pepani, ndidule kaye nkhani ya feteleza ija. Loweruka tinali kumudzi kukamanga chiliza cha achimwene anga amene anatisiya mu Januwale 2021. Tili kumandako mwana wanga wamkulu anayamba kuwerenga mitumbira ya mwezi umenewo ndi wa Febuluwale. Inakwana isanu ndi iwiri, mzere umodzi, onse akuluakulu. Mudzi wathu ndi waung'ono, nthawi zina chaka chimatha titaika akuluakulu anayi okha. Ndiye dzulo ndamva wina pawailesi akuti Covid-19 inapha anthu 2,686 m'Malawi muno. Ndikufunsa inu odziwa: achimwene anga ali m'kati mwa nambala imeneyi? Anadwala masiku asanu ndi limodzi, chifuwa, kutentha thupi, kenako kubanika. Sanayezedwe. Anamwalirira pakhomo anyamata akufunafuna galimoto.

Bambo a Tadala: Pepani kwambiri mayi. Mwezi umenewo sitidzauiwala. Pa 12 Januwale tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo mwezi usanathe a Wambali Mkandawire nawo anapita. Foni ikalira usiku tinkachita kuyang'anizana.

Gondwe wa Zaumoyo: Mayi Nabanda, ndikuyankheni mosazungulira: mulibe. Nambala imene inkalengezedwa madzulo aliwonse ija inali ya anthu amene anayezedwa, n'kupezeka nako kachilombo, kenako n'kumwalira, ndipo uthenga wa imfa yawo n'kufika ku ofesi ya zaumoyo ya boma lawo. Zinthu zimenezi zichitike zonse. Chimodzi chikaphonyeka, munthuyo salowa. Ine ndine HSA, mlangizi wa zaumoyo, ndinkayenda m'midzi nthawi imeneyo, ndipo ambiri ankakana dala kuyezetsa wodwala wawo. Ankati akapezeka nako, mtembo autenga azaumoyo, aukulunga m'pulasitiki, sitiusambitsa, sitigona pasiwa. Ndiye ankangofukiza ndi masamba a bulugamu, kumwetsa ndimu ndi jinja, n'kumadikira.

Che Bwanali: Pepani mayi pa zovutazo, koma ine ndifunseko. Kodi aliyense womwalira ndi chifuwa mu Januwale ndiye kuti ndi Covid? Januwale ndi mwezi wa malungo, ndi mwezi wa njala, nkhalamba zimagwa chaka chilichonse nyengo imeneyo. Kwathu ku Mangochi tinkakhala bwinobwino, msika osatseka, mu minibasi modzadza, kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni 2020 anthu phamuphamu opanda masiki. Akanakhala matenda oopsa choncho bwenzi titatha tonse. Amene ankafa ndi mabwana a m'tauni, a shuga ndi BP.

Nabanda: Che Bwanali, achimwene anga ankalima fodya, sanakhalepo bwana.

Dalitso: Zikomo akuluakulu, ndilowererepo, ndine wamng'ono koma izi ndi zimene ndikuphunzira. Funso la Che Bwanali ndi labwino, ndipo ndi chifukwa chake akatswiri anasiya kudalira nambala ya oyezedwa. Iwo amati tisakangane za chimene chapha munthu aliyense payekha. Tiwerenge maliro onse a Januwale 2021, kaya ndi a malungo, kaya ngozi, kaya chifuwa, n'kuyerekeza ndi Januwale wa 2017, 2018, 2019. Malungo ndi njala zinaliponso zaka zimenezo, ndiye zili kale m'chiwerengero cha chizolowezi. Zimene zapitirira pamwambapo ndiye imfa zoonjezera, ndipo mliri ndi umene ukuyenera kuziyankha. Zimene anachita mwana wa mayi Nabanda kumanda kuja ndi zomwezo, kungoti mudzi umodzi ndi wochepa. Pa mudzi umodzi maliro atatu akhoza kungogundana mwangozi.

Vuto lathu ndi lakuti njira imeneyi imafuna kuti udziwe chizolowezicho. Ngati sunawerenge matumba polowetsa m'nyumba, sungadziwe kuti anankafumbwe adya angati. Kuno lamulo lolembetsa kubadwa ndi imfa lilipo, National Registration Bureau ilipo, koma imfa zambiri za kumudzi sizifika m'kaundula wa boma. Munthu amwalira Lachiwiri, adzukulu akumba Lachitatu, basi zathera pomwepo.

Bambo a Tadala: Setifiketi ya imfa timaifuna pokhapokha ngati malemu asiya penshoni kapena ndalama kubanki.

Kondwani ku Joni: Zimene akunena Dalitsozo kuno zinachitika ndithu, chifukwa kuno kuti uike maliro pamafunika mapepala a Home Affairs. Bungwe la South African Medical Research Council linkatulutsa chiwerengero cha imfa sabata iliyonse. Boma linkati amwalira ndi Covid ndi anthu pafupifupi 102,000. Koma imfa zoonjezera kuchokera mu Meyi 2020 kufika 2022 zinafika cha m'ma 300,000. Kuchulukitsa katatu. Ndipo mukaona chithunzi chake, mapiri a imfazo akukwera nthawi yomweyo imene mafunde a Covid ankakwera: Julayi 2020, Januwale 2021 nthawi ya mtundu wa kachilomboka wotchedwa Beta, Julayi 2021 nthawi ya mtundu wa Delta. Ndiye ngati dziko la zipatala ndi malabu ngati lino linaphonya awiri mwa atatu, kumudzi kwathu mukuganiza bwanji?

Che Bwanali: Kumeneko ndi ku Joni, kuli kuzizira, kuli migodi. Musatibweretsere nambala za eni ake.

Kondwani ku Joni: Achimwene, tinakubweretserani kale matenda ake pa basi, nambala yokha ndiye mukukana? Mwaiwala anzathu aja anathawa pa Kamuzu Stadium mu Meyi 2020 zotsatira zawo zisanatuluke? Ndiponso mu Disembala 2020 mabasi ankadutsa pa Mwanza odzadza ndi opita ku Khirisimasi, pomwe kuno Beta inali itayaka. Patangotha masabata ochepa ndi pamene mayi Nabanda akunenapa.

Amake Mwansa (Lusaka): Muli bwanji abale. Ine nikambeko za kuno, chifukwa Lusaka ndi Lilongwe sitisiyana kwambiri. Madokotala ena, mtsogoleri wawo a Lawrence Mwananyanda, anaganiza zopita ku mochale ya UTH, chipatala chachikulu cha kuno ku Lusaka, kukayeza mitembo yeniyeniyo. Pakati pa Juni ndi Sepitembala 2020 anayeza mitembo 364, ndipo 70 inapezeka ndi kachilombo. Ambiri mwa 70 amenewo anali aja timati BID kuno, ofika kuchipatala atamwalira kale kunyumba, ndipo mwa amenewo panalibe ngakhale mmodzi amene anayezedwa ali moyo. Atabwereza mu 2021, pafupifupi mtembo umodzi mwa itatu iliyonse unali nako. Anthu ngati achimwene a mayi Nabanda ndi amenewo.

Che Bwanali: Chabwino, koma kupezeka nako ndi kufa nako n'zosiyana. Munthu wagundidwa ndi kabaza, mukamuyeza n'kumupeza nako, mulemba kuti Covid?

Sista Nyirenda (Leeds): Apa Che Bwanali mwalasa, ndipo musaganize kuti azungu anazilongosola bwino. Kuno ku England poyamba aliyense amene anapezekapo nako, akamwalira ngakhale patapita miyezi, ankamuika m'chiwerengero. Anthu atadandaula, mu Ogasiti 2020 anasintha kuti aziwerenga omwalira pasanathe masiku 28 chiyezedwereni, ndipo nambala inatsika ndi anthu oposa 5,000 tsiku limodzi. Palibe anauka kwa akufa, ndi cholembera chabe. Koma lamulo la masiku 28 nalo linali ndi bowo lake. Ine ndinasamalirapo odwala amene anakhala pa makina opumira milungu isanu, isanu ndi umodzi, n'kumwalira pa tsiku la 40. Anaphedwa ndi Covid poyera, koma m'chiwerengero chimenecho sanalowe. Ku Belgium ankawerenga ngakhale ongoganiziridwa m'nyumba zosungira okalamba, ndiye dziko lawo linkaoneka loipitsitsa. Ku Peru anakhala pansi mu 2021 n'kuunikanso mabuku, nambala inachoka pa 69,000 kufika pa 180,000. Ndiye mukaona mndandanda wa maiko uja, wina pamwamba wina pansi, dziwani kuti aliyense ankayeza ndi chigoba chake.

Bambo a Tadala: Ngati mavenda a chimanga, ndowa ya wina yophwanyidwa pansi.

Dalitso: Ndi chifukwa chake mu Meyi 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa chiwerengero china. Maiko onse pamodzi anali atalengeza imfa 5.4 miliyoni m'zaka za 2020 ndi 2021. WHO inati imfa zoonjezera zinali pafupifupi 14.9 miliyoni. India yokha anaipatsa 4.7 miliyoni pomwe boma lake linkati sizinafike theka la miliyoni, ndipo boma la India linakana kwamtuwagalu. Koma apa ndiwaikire kumbuyo Che Bwanali pang'ono. Ku maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo lathu, WHO inalibe maliro oti iwerenge. Inagwiritsa ntchito masamu: kutenga maiko amene ali ndi kaundula, kuona zaka za anthu, kuchuluka kwa matenda a shuga, kutentha kwa dziko, n'kuyerekeza kuti kwa ife ziyenera kuti zinali mwakuti. Ndi kuyerekeza kwa anthu ophunzira, koma ndi kuyerekezabe. Mukatenga magulu atatu osiyana a akatswiri, akupatsani nambala zitatu zotalikirana za dziko limodzi lomweli.

Che Bwanali: Eya! Ndiye aja a boma anachepetsa, awa a WHO ku Geneva analota. Ine ndikhulupirire ndani?

Gondwe wa Zaumoyo: Khulupirirani kuti 2,686 ndi pansi penipeni. Kutsika kuposa apo sizingatheke, chifukwa amenewo tili ndi maina awo. Pamwamba pake ndi pamene pali mkangano. Ndipo bola ife tinkawerengako. Anzathu a ku Tanzania anaima pa odwala 509 ndi imfa 21 mu 2020, osatulutsanso kanthu kwa chaka chathunthu.

Mwai wa ku Labu: Ndinali pantchito, ndangowerenga zonse tsopano. Pali mbali ina imene simunaikhudze. Kuwerenga akufa ndi theka la nkhani, theka lina ndi kudziwa kuti anadwala ndi angati. Boma linapeza odwala osafika 90,000 m'dziko la anthu oposa 17.5 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 2018. Koma magazi sanama. Munthu akadwalapo, thupi limasiya asilikali ake m'magazi kwa miyezi. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anatenga magazi amene anthu anapereka ku Malawi Blood Transfusion Service n'kuwayeza. Pofika pakati pa 2021, oposa theka la opereka magaziwo anali atakumana kale ndi kachilomboka, nthawi imene olandira katemera anali ochepa kwambiri. Kumbukirani kuti katemera woyamba, 360,000 wa AstraZeneca, anafika mu Malichi 2021. Ndiye Che Bwanali, mu minibasi muja munadwala ndithu, mumangoti ndi chimfine.

Che Bwanali: Mwina ndi nthawi ija ndinasiya kumva fungo la usipa. Akazi anga ankati ndalodzedwa.

Mwai wa ku Labu: Ndi yomweyo bambo. Koma opereka magazi ambiri ndi achinyamata a m'tauni ndi a m'masukulu, ndiye sitinganene kuti mudzi wa mayi Nabanda unali chimodzimodzi. Chimene tinganene n'chakuti kachilombo kanayenda kwambiri kuposa mmene mapepala amasonyezera.

Amake Mwansa (Lusaka): Nanga ngati anadwala ambiri choncho, bwanji sitinaone mitembo m'misewu monga anali kulosera aja mu 2020?

Dalitso: Zaka, mayi. Matendawa amasankha kwambiri. Chiopsezo cha munthu wa zaka 80 chimaposa cha wa zaka 20 kambirimbiri, osati kawiri kapena katatu. Kwathu kuno theka la anthu ndi ana osafika zaka 18, ndipo opitirira zaka 65 sakwana 5 pa 100 alionse. Ku Italy opitirira 65 ndi oposa 20 pa 100. Ndiye zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi: tinaphonya maliro ambiri, komabe dziko lathu silinakanthidwe ngati Italy kapena Peru tikawerengera pa munthu aliyense. Koma nkhalamba ya kuno ikadwala, mwayi wake unali wochepa kuposa nkhalamba ya kumeneko, chifukwa cha okosijeni. Mukukumbuka mu Januwale muja anthu wamba akusonkha ndalama pa Facebook zogulira masilinda, boma likutsegula chipatala chapadera pa Bingu Stadium.

Bambo a Tadala: Pomwe K6.2 biliyoni ija yolimbanira ndi Covid inkathera m'ma alawansi.

Admin Chikondi: Bambo a Tadala, imeneyo tinakambirana mwezi wathunthu, ena mpaka anatuluka pagulu. Tibwerere kwa mayi Nabanda.

Dalitso: Pali muyezo winanso umene a zaumoyo amaukonda, umatchedwa DALY. Unatchuka ndi lipoti la World Bank la 1993, anaukonza ndi a Christopher Murray ndi a Alan Lopez. M'malo mowerenga mitu, amawerenga zaka. Mwana akamwalira ali ndi zaka 5, zatayika zaka zambirimbiri zimene akanakhala. Agogo a zaka 80 akamwalira, zatayika zochepa. Kenako amaphatikizapo zaka zimene munthu wakhala ali moyo koma wodwala, monga aja mpaka lero amapuma mwawefuwefu akakwera kachitunda. Mukayeza choncho, kuno kwathu malungo, Edzi ndi imfa za makanda zimalemera kwambiri, chifukwa zimatenga ana ndi achinyamata chaka ndi chaka, pomwe Covid inkatenga kwambiri achikulire.

Nabanda: Mwana wanga Dalitso, ndakhala ndikukutsatira bwino, koma apa wandilasa pamtima. Achimwene anga anali ndi zaka 68. Ndiye pa sikelo yanuyo ndi opepuka? Pakhomo pawo pankakhala adzukulu awo anayi, ana a mwana wawo wamkazi amene anamwalira kalekale. Fizi ankalipira ndi iwo. Milandu ya banja ankaweruza ndi iwo, ndiwo anali mwinimbumba. Chiwamwalirire, mtsikana wamkulu anasiyira Fomu 2, munda wa kudimba analanda ena, alamu anga akudwaladwala. Zimenezi zili pati m'masamu anu?

Dalitso: Pepani amayi, sindinafune kutero. Mulibemo. DALY imayeza thupi la wodwalayo basi, osati anthu amene ankadya kuchokera m'manja mwake. Anaipangira nduna imene ili ndi ndalama zochepa ndipo iyenera kusankha pakati pa maneti a udzudzu ndi makina a okosijeni. Pa ntchito imeneyo imathandiza. Koma inapangidwa ngati kuti munthu wa zaka 68 ndi wopuma pantchito amene akungodikira tsiku, pomwe kwathu kuno Edzi inasiya agogo ambiri akulera ana.

Sista Nyirenda (Leeds): Ndipo ngakhale kuno mawu aja akuti "anali okalamba kale" ankandipweteka. Ambiri amene ndinawatseka maso akanakhalabe zaka zingapo, anali oyenda okha, osewera ndi adzukulu.

Aphunzitsi Mbewe: Mtsikana wa Fomu 2 amene mwatchulayo wandikumbutsa. Sukulu tinatseka pa 23 Malichi 2020, kachilombo kasanapezeke n'komwe m'dziko muno, poti odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Tinayamba kutsegula mu Sepitembala. Boma linanena kuti m'miyezi imeneyo atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo maukwati a ana anali pafupifupi 13,000. M'kalasi mwanga mabenchi ena anakhala opanda eni. Amenewa si a Covid? Sanatsokomole, koma mliri unawadya.

Che Bwanali: Aphunzitsi, ndigwiritse ntchito nzeru za Dalitso zomwe zija. Chaka chopanda Covid atsikana otenga mimba amakhala angati? Chifukwa 40,000 yonseyo singakhale ya mliri. Mimba za ana asukulu sizinayambe mu 2020.

Dalitso: Che Bwanali mwakhoza mayeso! Ndi momwemo. Paliponse funso ndi lomwelo: pakanapanda mliri zikanakhala bwanji? Ndipo nthawi zina yankho limapita mbali inayo.

Kondwani ku Joni: Zoona. Kuno ataletsa mowa ndi kuyenda usiku, imfa za ngozi ndi zobayana zinatsika moonekeratu, zipatala za ovulala zinapuma. Chimfine cha nyengo yozizira nacho mu 2020 chinangoti zii. Ndiye mu imfa zoonjezera muja muli kuchotsera ndi kuphatikiza. Muli amene anafa chifukwa choopa kupita kukatenga ma ARV kapena mankhwala a TB, mulinso amene anapulumuka chifukwa shabini inali yotseka.

Gondwe wa Zaumoyo: Kusikelo ya ana nakonso amayi anachepa miyezi ina, ankati kuchipatala n'kumene kuli matenda. Mwana amene anaphonya katemera nthawi imeneyo akadzadwala chikuku patapita zaka ziwiri, palibe adzalembe kuti ndi Covid.

Agogo Chisale: Ana inu mwalemba zambiri, maso anga atopa, mdzukulu ndiye akundiwerengera. Agogo anga aakazi ankasimba za fuluwenza ya 1918, imene inabwera nkhondo ya Ajeremani ikutha, nthawi imene amtengatenga ankabwerera kwawo. Ankati adzukulu anatopa kukumba, ena ankaikidwa awiri dzenje limodzi. Ndinawafunsa kuti anafa angati, anati ndani ankawerenga? Ankangotchula maina: uje, uje, mkazi wa uje ndi khanda lake. Ankawatha onse a m'mudzi mwawo osaphonya.

Kondwani ku Joni: Agogo, kuno imeneyo amaitcha Black October. Olemba mbiri amati inapha anthu pafupifupi 300,000 m'milungu isanu ndi umodzi yokha. Dziko lonse lapansi amati mwina 50 miliyoni, koma nambala imeneyonso anaipeza patapita zaka zambiri, pofukula mabuku a kalembera ndi a mipingo.

Gondwe wa Zaumoyo: Zimene anena agogozi ndi zimene ndimalimbana nazo. Si zoona kuti kumudzi sitiwerenga maliro. Timawerenga kwambiri, kungoti sizifika ku Lilongwe. Nyakwawa imadziwa aliyense amene yapereka malo kumanda. Mkulu wa adzukulu amadziwa. Mpingo uli ndi buku. Pamaliro paliponse pamakhala kope la chipepeso, lolembedwa tsiku ndi dzina. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, ofufuza akhala akulemba kubadwa ndi imfa za m'midzi yozungulira kwa zaka zoposa 20, ndipo munthu akamwalirira pakhomo amapita kukafunsa achibale mmene anadwalira, masiku angati, ankatsokomola kapena ayi, n'kuyerekeza chimene chinamupha. Zimene mwafotokoza za achimwene anu zija, mayi Nabanda, masiku asanu ndi limodzi, kutentha thupi, kubanika, ndi mayankho a mafunso amenewo ndendende.

Nabanda: Ndiye nditani a Gondwe? Mlembi wa mpingo wathu ndi msuweni wanga, buku amasunga ndi iye. A nyakwawa nawo ndi apongozi a mng'ono wanga.

Gondwe wa Zaumoyo: Pemphani akulolezeni kukopera. Musayambire 2021, yambirani 2017 mpaka 2022. Pa munthu aliyense lembani mwezi, chaka, zaka zake ngakhale zongoyerekeza, mwamuna kapena mkazi, ndi kumene anamwalirira. Maina musatumize pagulu pano. Mufunsenso a mipingo ina ndi a kumzikiti, chifukwa buku la mpingo umodzi lili ndi nkhosa zake zokha. Mukatha tipatseni, Dalitso atiwerengere.

Che Bwanali: Nanenso ndikafunsa kwa a shehe kwathu. Ndikufuna ndikuonetseni kuti ku Mangochi kunalibe kanthu.

Mwai wa ku Labu: Mukapeza kuti kunali kanthu mudzatiuzenso, Che Bwanali.

Che Bwanali: Ndidzanena, ine sindibisa.

Nabanda: Ndabweranso, ndamuimbira msuweni uja. Akuti buku lilipo kuyambira 2016, koma masamba a 2018 ananyowa denga la vesitili litadontha, ena sakuwerengeka. Wandikumbutsanso chinthu chimene ndinaiwala. Mwa asanu ndi awiri aja, awiri sankakhala kumudzi. Mmodzi anabwera m'bokosi kuchokera ku Blantyre, azaumoyo ndi amene anaika, ife tinangoima patali. Winayo anachokera ku Joni. Amenewa ndiwalembe pamodzi ndi achimwene?

Gondwe wa Zaumoyo: Ayi mayi, apatseni tsamba lawolawo. Wa ku Blantyre uja ayenera kuti ali kale m'kati mwa 2,686, ndipo wa ku Joni ali m'buku la a Kondwani. Anu ndi asanu otsalawo. Za 2018 mukafunse mkulu wa adzukulu, muyende naye kumanda komweko akakulozereni mtumbira umodziumodzi.

Nabanda: Ndipita Loweruka likubwerali, ndikatenge ndi kope latsopano.